Si pulogalamu iliyonse imene ili sho: mawu a Chingerezi a pa wailesi ya kanema

Mabuku amene amasonkhanitsa mawu a Chingerezi a matanthauzo oyandikana ali ndi chizolowezi choika mawu akuti "broadcast", "telecast", "transmission", "programme" ndi "show" pamzere umodzi, ngati kuti munthu angathe kutolapo liwu lililonse n'kuliika m'chiganizo chake popanda kusintha tanthauzo. Buku lotchuka la mtundu umenewu linakonzedwa ndi Peter Mark Roget n'kusindikizidwa ku London m'chaka cha 1852, ndipo masiku ano ntchito yomweyo ikugwiridwa ndi foni za m'manja, moti mwana wa sukulu akangolemba liwu limodzi pa intaneti amapatsidwa mawu ena ambirimbiri nthawi yomweyo. Ine ndimaphunzitsa Chingerezi pa sukulu ina ya sekondale kuno ku Thyolo, ndipo zipatso za mindandanda yotereyi ndimaziona m'zimangirizo za ana a Fomu 3 ndi Fomu 4. Mwana amafuna kupewa kubwerezabwereza liwu limodzi, zomwe n'zabwino, koma posinthapo amatola liwu limene likunena zina.

Mawu amenewa, ngakhale onse amakhudza wailesi ya kanema, sayankha funso limodzi. Ena amanena za ntchito yotumiza zithunzi ndi mawu m'mlengalenga, ena amanena za chinthu chimene chapatsidwa dzina ndi nthawi yake pa ndandanda, ena amafotokoza momwe nkhani yadulidwira m'magawo, ndipo ena amauza woonera ngati zimene akuonazo zikuchitika panopa kapena zinachitika kale, ngati ndi zoona kapena ndi sewero. Kwa munthu amene akumwa tiyi m'tiyirumu pa Bvumbwe masamba onse ndi tiyi basi, koma amene anagwirapo ntchito m'fakitale amadziwa kuti masamba omwewo amasefedwa n'kugawidwa m'magiredi, ndipo giredi iliyonse imapeza mtengo wakewake pa okushoni ya ku Limbe. Mawuwanso ndi choncho.

Liwu lakuti "broadcast" ndi lakale kuposa wailesi. Alimi a ku England ankaligwiritsa ntchito m'zaka za m'ma 1700 ponena za kufesa mbewu mowaza ndi dzanja, monga momwe ena amafesera mawere kapena mpunga, kusiyana ndi kubzala m'mizere phando ndi phando. Wailesi itayamba kufala kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920, panafunika liwu loisiyanitsa ndi lamya kapena telegalamu, zimene zimachoka kwa munthu mmodzi kupita kwa munthu wina wodziwika. Za pa wailesi zimachoka pamalo amodzi n'kugwera aliyense amene watchera, ndipo wotumizayo sadziwa kuti zagwera ndani. N'chifukwa chake liwuli likupezeka m'dzina la BBC, imene inayamba m'chaka cha 1922, m'dzina la MBC yathu ya m'chaka cha 1964, komanso m'dzina la Zodiak Broadcasting Station, imene inayamba kumveka m'chaka cha 2005. Ife m'Chichewa timati kuulutsa, ndipo liwu lathuli limagwira ganizo lomwelo, la chinthu chimene mwachitaya m'mwamba kuti chikafike kutali.

Choncho "broadcast" limaloza ku ntchito youlutsayo, kapena ku nthawi imodzi imene chinthu chinaulutsidwa. Mtsogoleri wa dziko akalankhula ku mtundu wa Amalawi usiku wina, liwu limeneli limakhala pamalo pake, chifukwa chofunika pamenepo n'chakuti uthenga unafika ku Nsanje ndi ku Chitipa pa ola limodzi. Koma mwana akalemba kuti "my favourite broadcast" akutanthauza sewero limene amaonera sabata iliyonse, chiganizocho chimapunduka, chifukwa chimene iye amakonda ndi seweroli, osati ntchito yoliulutsa. Ndimawakumbutsanso ana kuti mneni ameneyu sasintha pokamba za kale, mofanana ndi "cast" amene ali mkati mwake, kotero kuti timalemba "the speech was broadcast". Mawu akuti "broadcasted" amapezeka m'mabuku ena, koma ine ndimalangiza kuti pa mayeso awapewe.

"Transmission" ndi liwu la akatswiri a makina. Limanena za ulendo wa mafunde kuchoka pa chitsulo chotumizira chimene chili paphiri kufika pa mlongoti wa padenga panu, ndipo n'chifukwa chake mumalimva kwambiri zinthu zikasokonekera, pamene mphezi yaomba kapena magetsi azima, woulutsa n'kupepesa kuti panali "break in transmission". Liwu lakuti "telecast" linapangidwa m'zaka za m'ma 1930 polumikiza "television" ndi "broadcast", pa nthawi imene kanema anali chinthu chatsopano, pamene BBC inayamba kuonetsa zithunzi mokhazikika kuchokera ku Alexandra Palace ku London m'chaka cha 1936. Lero limamveka kwambiri ku America ndi ku India, ndipo kwa ife amene timatsata Chingerezi cha ku Britain n'kokwanira kungolidziwa tikakumana nalo. Pa tsinde lomweli panaphukanso "newscast", "simulcast", limene limanena za kuulutsa chinthu chimodzi pa wailesi ndi pa kanema nthawi imodzi monga zimachitikira pa miyambo ya boma, komanso "podcast", limene linayamba kumveka m'chaka cha 2004.

Tisaiwale kuti kwathu kuno kanema anachedwa kufika. Kuchokera pamene MBC inakhazikitsidwa panadutsa zaka 35 kuti Television Malawi iyambe kuonetsa zithunzi m'chaka cha 1999, ndipo nyumba ziwirizi zinadzaphatikizidwa m'chaka cha 2011. M'zaka zonsezo makutu athu anazolowera wailesi, ndipo ndikuona kuti n'chifukwa chake ngakhale dzina la chipangizo chatsopanocho tinalimanga pa chakale n'kuti wailesi ya kanema. Anthu a ku Muloza ndi ku Limbuli amadziwanso kuti zilembo za TVM zinali ndi eni ake awiri, popeza kutsidya kwa malire, ku Milange, zilembo zomwezo ndi za kanema wa dziko la Mozambique.

Tikabwera pa "programme" tafika pa liwu lotetezeka kuposa onse, ndipo mwana akakayika ndimamuuza kuti agwire limeneli. Linachokera ku Chigiriki, kumene linkatanthauza chidziwitso cholembedwa n'kuikidwa poyera, ndipo ndi liwu lomwe lija timagwiritsa ntchito tikamafunsa pulogalamu ya ukwati kapena ya maliro. Pa kanema limanena chinthu chilichonse chimene chili ndi dzina, poyambira, pothera ndi nthawi yake pa ndandanda, kaya ndi nkhani, ulaliki, za ulimi, za ana kapena zokambirana za ndale. Angerezi amalemba "programme", Aamerika amalemba "program", koma pokamba za kompyuta onse amalemba mwachidulemo.

"Show" ndi liwu lopepukirapo, ndipo limanunkhira chisangalalo. Limayenera pamene pali wotsogolera wodziwika, alendo, nyimbo, mpikisano kapena nthabwala. Aamerika analitambasula mpaka pafupifupi chilichonse cha pa kanema amachitcha "show", ndipo ana athu, amene amamva Chingerezi cha ku America tsiku ndi tsiku pa YouTube ndi pa TikTok, atengera zomwezo. Komabe pali malo amene liwuli silingalowe popanda kupweteka anthu. Mwambo wa maliro a mtsogoleri ukamaulutsidwa, kapena pulogalamu yokamba za anthu amene anataya abale awo pa ngozi, munthu wolemba mosamala sangazitche "show". Sho iliyonse ya pa kanema ndi pulogalamu, koma mapulogalamu ambiri si sho.

Liwuli kwathu kuno lili ndi moyo winanso umene buku lililonse la ku London silidziwa. Pa misika yathu, kaya ndi pa Goliati, pa Chonde kapena pa Nkando, mudzapeza kanyumba kotchingidwa mazenera kuti mukhale mdima, mkati muli mabenchi a matabwa, panja pali sipika imene ikutulutsa phokoso la filimu yomasuliridwa m'Chichewa, ndipo pakhomo pali bolodi lolembedwa ndi choko kuti madzulo kuli mpira wa matimu akutiakuti a ku England. Kanyumba kameneka timakatcha vidiyo sho, mwinanso sho basi. Mwana wa kuno akalemba kuti "I went to the show" amatanthauza kuti analowa m'kanyumbako atalipira pakhomo, pamene wowerenga wa kwina angaganize za chionetsero cha zaulimi kapena za oimba pa nsanja. Ine sindimuletsa mwanayo kunena kuti sho akamacheza ndi anzake, chifukwa liwulo tsopano ndi lathu, koma ndimafuna adziwe kuti akamalembera munthu wakutali ayenera kufotokoza malowo bwinobwino.

Pa "station" ndi "channel" sindichedwapo. Siteshoni ndi nyumba youlutsira mawu yeniyeniyo, yokhala ndi antchito, zipangizo ndi chiphaso chochokera ku MACRA, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la m'chaka cha 1998, monga Mzati ya ku Mulanje, Luntha ya ku Balaka kapena Times ya ku Blantyre. Tchanelo ndi njira imene zinthuzo zimadzera, nambala ija mumadina pa rimoti. Kale ziwirizi zinkaoneka ngati chimodzi, koma kuchokera pamene mayiko a m'chigawo chathu anapatsidwa tsiku la 17 June 2015 kuti asamukire ku njira ya dijito, dikoda imodzi ya Kiliye Kiliye kapena ya GOtv imabweretsa matchanelo ambiri, ndipo nyumba imodzi ingathe kukhala ndi angapo.

Pamene pali chisokonezo chachikulu, komanso pamene ine ndimapakonda kwambiri pophunzitsa, ndi pa mawu a masewero opitirira. Pitani pa Luchenza tsiku la msika mukaime pafupi ndi kashopu kamene mnyamata amaikira anthu nyimbo ndi mafilimu m'foni. Mudzaona mtsikana akutulutsa memori khadi m'foni yake n'kuipereka, akuti, "Achimwene, mundiikireko sizoni ija ndinatenga dzana, ipitirire pamene inalekezera." Mnyamatayo, maso ali pa kompyuta, amayankha kuti, "Achemwali, imene ija inathera pomwe paja, yachiwiri sinafike, koma ndili ndi sizoni ina ya ku Korea imene anthu akuikonda." Onse awiri akumvana bwino lomwe, koma taonani kuti liwu lakuti sizoni lagwira ntchito ziwiri m'kukambirana kumodzi. Poyamba likunena chigawo chimodzi cha sewero, kenako likunena sewero lonse lathunthu.

M'Chingerezi ntchito zimenezi zinagawidwa. "Episode" ndi gawo limodzi limene mumaonera n'kumaliza pa nthawi imodzi. "Season" ndi mtolo wa magawo amene anakonzedwa n'kuonetsedwa motsatizana, kawirikawiri m'chaka chimodzi, kenako n'kupumira. "Series" ndi sewero lonse ndi dzina lake, kuyambira gawo loyamba mpaka lomaliza. Umu ndi mmene Aamerika amagawira. Angerezi, mwa chizolowezi chawo chakale, amagwiritsa ntchito "series" pa zonse ziwiri, moti chimene Mmerika angachitche "second season" Mngerezi amati "second series", ngakhale kuti masiku ano, chifukwa cha Netflix ndi anzake, liwu la Chimerikali lalowanso ku Britain. Choncho mnyamata wa pa Luchenza uja sali yekha posenzetsa liwu limodzi katundu wa mawu awiri, kungoti iye anasankha sizoni pamene Mngerezi anasankha "series".

Palinso "serial", liwu limene ana ambiri amalisokoneza ndi "series" chifukwa cha kamvekedwe. Kusiyana kwake kuli m'kamangidwe ka nkhani. Mu "series" gawo lililonse lingathe kukhala ndi nkhani yake yoyamba n'kutha, anthu ake okha ndiwo amabwerera sabata yotsatira, kotero kuti mukaphonya gawo limodzi simutayika. Mu "serial" nkhani ndi imodzi yaitali imene yadulidwadulidwa, ndipo gawo lililonse limathera pamene mtima uli m'mwamba kuti mubwerenso mawa. Njira imeneyi ndi yakale, chifukwa m'zaka za m'ma 1800 magazini a ku Ulaya ankasindikiza nthano zazitali pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi, ndipo wailesi inangotengera. Amene anakula akumvera Zimachitika, sewero la pa wailesi la bungwe la Story Workshop, akudziwa kukoma kwa kudikira gawo lotsatira.

Mwana wa "serial" wodziwika kwambiri ndi "soap opera". Dzinali linabadwira ku America m'zaka za m'ma 1930, pamene makampani opanga sopo, monga Procter & Gamble, ankalipira masewero a masana pa wailesi pofuna kufikira amayi amene anali pakhomo. Chizindikiro chake chachikulu n'chakuti alibe mathero okonzedweratu. Coronation Street inayamba pa ITV ku Britain m'chaka cha 1960 ndipo ikupitirirabe, ena mwa oonera ake oyamba anamwalira kalekale nkhani isanathe. "Telenovela", imene inachokera ku Latin America ndipo abale athu a ku Mozambique amaidziwa bwino kudzera m'masewero a ku Brazil, imafanana ndi "soap opera" pa nkhani za chikondi, chuma ndi nsanje, koma imalembedwa ndi mathero ake, ndipo pakatha miyezi ingapo imatsekedwa. Kusiyana kumeneku ndi kwenikweni kwa munthu amene akugula mayunitsi kapena kulipira dikoda mwezi ndi mwezi, chifukwa kumamuuza ngati chimene wayambacho chidzatha. Ife zonsezi timaziika m'liwu lakuti sewero, pamodzi ndi "drama" ndi "sitcom", lomwe ndi chidule cha "situation comedy", ndipo tikafuna kusiyanitsa timawonjezera kuti sewero la magawo, sewero loseketsa kapena sewero lophunzitsa monga Tikuferanji wa bungwe la ADRA.

Mpaka pano kulakwitsa liwu kumangotayitsa malikisi pa mayeso. Gulu lotsala ndi limene limandidetsa nkhawa, chifukwa limakhudza zimene munthu amakhulupirira akazimitsa kanema wake. "News bulletin" ndi nkhani zachidule zowerengedwa pa nthawi yoikika, zongonena zimene zachitika. "Current affairs" ndi pulogalamu yofukula ndi kukambirana nkhanizo, ndipo mmenemo maganizo a anthu amaloledwa. "Documentary", liwu limene John Grierson wa ku Scotland analitchukitsa kuyambira m'chaka cha 1926, ndi filimu ya anthu enieni ndi zochitika zenizeni, koma yosanjidwa ndi munthu amene anasankha choyamba, chotsiriza ndi chosiya. Mkati mwake mukaoneka mawu akuti "reconstruction" kapena "dramatisation", ndiye kuti chigawo chimenecho achita kusewera anthu ena potsanzira zimene akuti zinachitika. "Reality show" imaonetsa anthu amene si akatswiri a zisudzo, koma malo, malamulo ndi zimene zifike kwa inu zimakonzedwa ndi eni pulogalamu. Amalawi mtundu umenewu tinaudziwa ndi mkangano, pamene m'chaka cha 2003 aphungu a Nyumba ya Malamulo anafuna kuti Big Brother Africa isiye kuonetsedwa pa TVM, khoti lalikulu n'kudzalola kuti ipitirire. Ndiye pali "sponsored programme" ndi "infomercial", mapulogalamu amene wina walipira nthawi yake kuti anene zake, ngakhale atavala jekete n'kukhala pa tebulo longa la owerenga nkhani. Munthu amene akuonera pulogalamu yotamanda mankhwala ena ake, kapena njira yopezera ndalama mwachangu, ayenera kudziwa kuti ameneyo ndi wamalonda, osati mtolankhani.

Mawu a nthawi nawonso ndi ofunika chimodzimodzi. "Live" ndi zimene zikuchitika pa mphindi yomweyo, zomwe aulutsi athu amati pompopompo kapena mwachindunji. "Recorded" ndi zojambulidwa kale, "repeat" kwa Angerezi kapena "rerun" kwa Aamerika ndi zobwereza, ndipo "highlights" ndi zigawo zikuluzikulu zokha, monga zigoli za masewero a Bullets ndi Wanderers popanda mphindi zonse 90. Pa mpira kusokoneza mawuwa sikupweteka kwambiri, koma pa nkhani za ngozi kumapweteka.

Namondwe wa Freddy atawononga maboma a kuno kummwera m'mwezi wa March 2023, zithunzi za matope ndi miyala yotsika m'mapiri zinakhazikika m'mitima ya anthu a ku Mulanje, Phalombe, Thyolo, Chiradzulu ndi Blantyre. Mvula ya dzinja lotsatira itayamba, mayi wina woyandikana nane nyumba, amene mwana wake wamkazi anakwatiwa cha ku Muloza, anagogoda pakhomo panga madzulo ena akupuma mwabefu, chitenje atachigwira m'manja. Anati, "Aphunzitsi, tabwerani mudzaone, madzi aja abweranso ku Mulanje, ndipo foni ya mwana wanga sikupezeka." Nditalowa m'nyumba mwawo ndinapeza woulutsa akuwerenga chenjezo la a zanyengo, kumbuyo kwake kukuoneka nyumba zokokoloka, koma pakona ya galasi panali kaliwu kakang'ono ka zilembo zinayi kakuti "file". Ndinawauza kuti, "Mayi, khazikani mtima pansi, zithunzi izi ndi zakale, aziika pongofuna kukumbutsa anthu zimene madzi amachita." Anakhala pansi osalankhula kwa kanthawi, kenako anandifunsa kuti munthu wosadziwa Chingerezi akanadziwa bwanji.

Nyumba youlutsira mawu ija sinaname, ndipo inatsata mwambo wa ntchito yake poika chizindikirocho, chomwe ena amalemba kuti "library pictures" kapena "archive". Koma chizindikiro cholembedwa m'chilankhulo chimene woonera samva, m'zilembo zimene sangazione ali pa mphasa, chimateteza woulutsa yekha. M'kalasi mwanga ndimapempha ana amene kwawo kuli kanema kuti usiku wina akhale ndi kope, alembe mawu onse amene akuoneka m'makona a galasi, ndipo mawa lake tikambirane tanthauzo la lililonse, kuti akabwerera kunyumba azitha kufotokozera makolo ndi agogo awo. Komabe ntchito yaikulu ili m'manja mwa akonzi a mapulogalamu a Chichewa. Mawu ake alipo kale, ndipo aulutsi amawatchula pakamwa tsiku ndi tsiku: pompopompo, zobwereza, zithunzi zakale, pulogalamu yolipiridwa. Pempho langa n'lakuti mawu amenewa azilembedwanso pa galasi m'Chichewa nthawi yonse imene zithunzizo zikuoneka, m'zilembo zazikulu zoti munthu wokhala pa benchi yakumbuyo m'vidiyo sho, kapena woonera pa kafoni kakang'ono, athe kuwerenga.